Mizu ya ku China ndi nsagwada za a Saidi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pamtondo. Amuna anga anali atapita ku Joni osatumiza ngakhale uthenga, ndipo ine, mwana kumbuyo, ndinkasinjira anthu chimanga pafupi ndi siteshoni ya Mtakataka kuti andigawireko gaga. Zinali zaka zija za Chitaganya. Tsiku lina a Kamwendo, eni kasitolo ka pafupi ndi njanji, anaima n'kumandiyang'ana mikono.

"Iwe, mawa ubwere kuseri kwa sitolo. Ndikufuna wosinja."

A Kamwendo nawonso anakhalako ku Joni, koma osati mumgodi. Ankasesa m'sitolo ya Mtchaina wina wogulitsa mankhwala, ndipo pobwerera anadza ndi zitini za mizu youma. Wina unali woyera, wodulidwa ngati timakaka. Wina wachikasu, wozuna ngati nzimbe. Ankati ndi mankhwala a kukokana kwa minofu, vuto la aliyense kuchigwa kuno dzuwa likakwiya: olima thonje, onyamula mabelo, okoka makoka.

Mizuyo ndinkaisinja mumtondo wachitsulo n'kusefa pansalu. Ndinkawotchanso zigoba za nkhono mpaka ziyere, n'kuzipera pamphero. Chomaliza chinali mchere wowawa uja umene anthu amamwa kuti atsegule m'mimba. Supuni ziwiri za mizu, imodzi ya zigoba, mchere wongotsina ndi zala. Ndinkawiritsa, kuziziritsa, kuthira m'mabotolo n'kutseka ndi zitsononkho. Wina akadandaula kuti mchere unachuluka, a Kamwendo ankandimwetsa botolo lathunthu ataima pomwepo, ndipo ndinkaswera kuthengo mwana akulira kumsana.

Sindinganame, ena ankapezadi bwino. Munthu ankabwera katumba atauma ngati mwala, patapita masiku n'kudutsa akuyenda bwinobwino. Kaya inali mizu, kaya zigoba, kaya kupuma chabe, sindikudziwa.

Tsiku la msika wa thonje, anthu ali piringupiringu, panafika machila. Munali a Saidi, msodzi wa kugombe, atanyamulidwa ndi abale awo. Khosi linali gwa, nsagwada zitalumana, msana utapindika ngati uta. Phazi limodzi linali lokulungidwa ndi chiguduli chonunkha. Akazi awo, Abiti Juma, anagwada pakhonde.

"Bambo, tikupita kuchipatala ku Mua. Tangopatuka kuti muwapatseko kopepuza panjira. Anaponda msomali wa bwato, bala silikupola."

A Kamwendo sanayang'ane phazilo. Anayang'ana khamu la anthu limene linali litayamba kuzungulira.

"Ku Mua mukukatani? Mugonekeni apa, poyera. Nonsenu muone, munthu uyu abwerera kwawo ndi miyendo yake. Iwe, botolo!"

Ndinabwera nalo. Kukamwa sikunkatseguka, choncho a Kamwendo anazika chogwirira cha supuni pakati pa mano n'kukanula ndi mphamvu. Ndinamva dzino likuthyoka.

"Thira!"

Ndinathira. Mankhwala anabwerera m'mphuno, a Saidi n'kuyamba kutsamwa, thupi lonse likukungika mpaka panangotsala mutu ndi zidendene zokhudza pansi. A Kamwendo anazindikira kuti phokoso lililonse likuwakokanitsa. Anatenga chitini chopanda kanthu n'kuchimenya ndi supuni pafupi ndi khutu lawo. A Saidi anapindika. Anamenyanso. Anapindikanso.

"Mwaona? Ndi matenda akutuluka amenewo!"

Matendawa amakoka milomo, munthu n'kumaoneka ngati akumwetulira. A Kamwendo analoza. "Taonani, wayamba kuseka!" Ena m'khamumo anasekadi, ena anayamba kuitanitsa mabotolo. Koma a Saidi anali ndi nzeru zawo zonse. Maso awo anali pa akazi awo, misozi ikutsikira m'makutu.

"Thiranso," anandiuza.

"Ayi bambo, sindithiranso. Afera m'manja mwathu awa."

Khofi limene a Kamwendo anandimenya linandigwetsa cham'mbali, mwana n'kugunda mutu pamzati. Pamenepo mpamene abale a a Saidi anadzidzimuka. Anakankha a Kamwendo n'kunyamula machila. Dzuwa linali litapendeka kale. Ndinawatsatira, chifukwa panalibenso koti ndilowere.

Ku Mua, sisitere anawagoneka m'chipinda cha mdima n'kuletsa aliyense kulankhula mokweza. Anatiuza kuti ndi kafumbata, amalowera pabala, ndipo palibe muzu kapena mchere umene ungamuchotse. Abiti Juma anafunsa ngati amuna awo akanachira akanapanda kupatukira kwa a Kamwendo. Sisitereyo anati sakudziwa, ambiri amapita ndithu ngakhale afike msanga. A Saidi anamwalira mawa lake.

Pobwerera ku Mtakataka ndinapeza nkhani itandiyembekeza. A Kamwendo anali atauza anthu kuti mankhwala awo sanalakwepo, koma ine ndinasakaniza molakwika, ndipo dzanja langa n'loipa, n'chifukwa chake ngakhale mwamuna anandithawa. Palibe anandipatsanso chimanga choti ndisinje. Pachitsime amayi ankasuntha mitsuko yawo ndikafika. Ndinamanga kamtolo kanga n'kupita kwa amalume ku Golomoti. A Kamwendo anapitiriza kugulitsa, ndipo ndinamva kuti mizu ya ku China itatha ankasinjitsa makaka enieni, anthu n'kumagulabe.

Ndakalambira m'minda ya anthu, ndipo ndasisita miyendo yambiri yokokana ndi madzi ofunda. Koma wina akandiuza kuti thupi likumukoka, ndimayamba ndamuvula nsapato n'kufufuza bala, ndipo ndikalipeza sapatuka paliponse mpaka kuchipatala. Komanso ndikaona wodwala atagonekedwa pakati pa anthu, womuchiritsa akulankhula ndi khamu m'malo molankhula ndi iye, sindidikira kuti ndione mathero ake. Ndimakafuna abale ake, ndi kuwauza kuti anyamule.