Kuperekeza Muulutsi Wakale ku Indianapolis

Tinanyamuka ku South Bend Loweruka cha m'ma 9 m'mawa, ine pachiwongolero, Bambo Sajid pambali panga atavala jekete lalitali lakuda lomanga mabatani mpaka pakhosi. Ntchito yanga ndi yosamalira odwala m'nyumba zawo, ndipo mkuluyu ndinayamba kuwasamalira atadwala sitiroko. Kwawo ku Pakistan anali mlembi wa mabuku m'chinenero cha Urdu komanso muulutsi wa pa wailesi. Anthu akwawo okhala ku Indianapolis anali atakonza msonkhano wa alakatuli wowalemekeza, ndipo anawapempha kuti akalakatule ndakatulo yawo imodzi.

Vuto linali lilime. Chidwalireni, mawu ankawathawa pakati pa chiganizo, ndipo akawathawa ankakwiya n'kukhala duu tsiku lonse. Mwana wawo Farah, dokotala, anali pa ntchito tsikulo. Tisananyamuke anandigwira mkono pakhomo.

"Chikondi, mawu akakawathawa, mukawachotse kutsogoloko msanga. Sindikufuna anthu akawamvere chisoni bambo anga."

Ndinavomera.

Msewu wa 31 ndi wowongoka moti ukhoza kugona uli maso. Uku chimanga, uku chimanga, koma wootcha m'mbali mwa msewu palibe ndi mmodzi yemwe. Titadutsa Plymouth, Bambo Sajid anayamba kuyeserera chapansipansi. Mzere woyamba unkatuluka bwino, wachiwiri unkakana. Anayesa, anayesanso, kenako anadzimenya pabondo n'kuyang'ana pawindo.

Ku Kokomo ndinathira mafuta a madola 30 n'kuwagulira sangweji ya mazira. Anaikankha.

"Muulutsi sadya asanalankhule. Madzi ofunda basi."

Mayi wogulitsa pamalopo anasirira jekete lija n'kufunsa ngati tikupita ku ukwati.

"Ayi," iwo anatero. "Ku mayeso."

Madzi aja anawamasula pang'ono. Anandifotokozera modukizadukiza kuti ali mnyamata ankakwera sitima ndi chojambulira mawu, kucheza ndi ogulitsa tiyi ndi onyamula katundu, kenako n'kukaulutsa, pambuyo pake n'kulemba mabuku. Ndinakumbukira bambo anga ku Zomba atakumbatira wailesi, mabatire otha atawayanika padzuwa. Kaya kumeneko nakonso ankayanika? Ndinafunsa. Anaseka n'kugwedeza mutu kuvomera.

Tinafika ku Lawrence, kumpoto chakum'mawa kwa mzinda, dzuwa litapendeka pang'ono. Holo ya msonkhanowo inali itadzaza, ikununkhira samusa ndi mpunga wa zokometsera. Nkhalamba ina inawagwira manja onse awiri n'kugwetsa misozi. Inati inkawamvera ili pa ntchito kutali ndi kwawo. Ine, amene amwenye ndinkangowadziwira m'masitolo a ku Limbe, ndinakhala mpando wakutsogolo, chikwama pamwendo, wokonzeka kudzambatuka.

Nthawi yawo itakwana, anagogoda maikolofoni ndi chala, n'kunena mzere woyamba uja. Kenako chete.

Mwadzidzidzi bambo wina kumbuyo anabwereza mzerewo mokweza. Ena anatsatira, holo yonse, ena akutambasula manja n'kumafuula kuti "wa, wa!" Magazi anandiwira. Kwathu mkulu akamalankhula sumudula pakamwa, nanji kumuyeserera munthu wodwala. Ndinaimirira kuti ndikawatenge.

Mayi wachikulire amene ndinakhala naye pafupi anandikoka diresi.

"Mukupita kuti, mwanangu?"

"Akuwaseka."

"Khalani pansi. Umu ndi mmene timachitira. Mlakatuli akanena mzere woyamba, ife timaunyamula mpaka atatipatsa wachiwiri. Tikakhala chete ndiye kuti sitinaukonde."

Ndinakhala, koma pansonga ya mpando. Bambo Sajid anali atatsinzina, akumwetulira, akumvetsera mawu awo akubwerera kwa iwo. Anabwereza mzere uja limodzi ndi anthuwo, ndipo wachiwiri, umene unakana msewu wonse, unatuluka wathunthu. Anapitiriza choncho mpaka kumapeto. Pamene lilime lalemera, anthu ankanyamula, iwo n'kupuma, ndipo panalibe wodziwa kuti apa n'kudwala, apa ndi luso. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe la Urdu, koma mtima unakhala pansi moti ndinalira. Ndinazindikira mochedwa kuti kutchalitchi kwathu timachita zomwezo: wotsogolera nyimbo akaponya, ife timayankha, ndipo palibe amaimba yekha.

Panja ndinaimbira Farah. Sanapereke ndi moni womwe.

"Munawachotsa?"

"Ndinatsala pang'ono," ndinatero. "Mwamwayi anandikoka diresi."

Pobwerera, tisanatuluke ndi mumzinda momwe, Bambo Sajid anamasula batani la pakhosi n'kuyamba kufufuza pansi pa mpando.

"Chikondi," anatero, mawu onse ali bwinobwino, "sangweji ija ili kuti?"