Diresi la Mkono Umodzi

Pakhonde la sitolo ya nsalu pankakhala telala wina, anthu ankangowatcha a Kadiso. Imvi zinali mbuu, koma ulusi ankaulowetsa pasingano kamodzi kokha, uku akukangana ndi kasitomala. Diso lomwelo ndilo ankalidalira a Shehe. Ramadani ikamatha, a Kadiso ankakwera padenga la mzikiti kukafuna mwezi watsopano. Ukaoneka, mawa lake ndi Idi. Ukapanda kuoneka, anthu amasala kudya tsiku linanso, ndipo palibe telala amene amadana nalo tsiku limenelo.

Kunyumba, akazi awo anali atapemphera Idi zaka zambirimbiri ndi diresi limodzimodzi. Nsalu yatsopano inalipo, yobiriwira, koma makasitomala akangobwera inkabwerera pansi pa mulu.

"Chaka chino muvala, mayi a kunyumba," analonjeza a Kadiso.

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, bambo," anatero mayiwo, osatembenuka n'komwe.

Mawuwo anawalasa mtima. Anaidula nsalu ija, nasoka thupi lonse ndi mkono umodzi. Tsiku lofuna mwezi kunachita mitambo, iwo n'kuusa moyo kuti winawo amaliza mawa.

Dzuwa litalowa anakwera padenga ndi amuna ena. Onse anayang'ana mpaka makosi kuwawa, nayamba kutsika. A Kadiso anatsalira. Mtambo unang'ambika pang'ono, ndipo kamwezi kanali apo, kowonda ngati ulusi woyera. Panalibe wina amene anakaona. Akanangomeza malovu n'kutsika, tsiku lathunthu losokera likanakhala lawo, ndiponso pabenchi panali zovala za eni ake zodikira mabatani.

"Bwererani, abale," anaitana, akuloza ndi chala. "Suwo pamwamba pa thanki ya madzi?"

Awiri anauona mtambo usanatseke. A Shehe analengeza kuti mawa ndi Idi.

Usiku wonse anachezera kusoka: zovala za eni zinatha, diresi lokha ayi. M'mawa a Kadiso analowa m'nyumba manyazi atawagwira, napeza akazi awo atalivala kale, mpango waukulu utaphimba phewa lopanda mkono.

"Vulani, mayi, anthu akatiseka."

"Aziseka. Ndamva zoti munatsala nokha padenga," anatero mayiwo, akumangirira mpangowo ndi pini. "Likanakhala ndi mikono iwiri chifukwa chobisa mwezi, sindikanalivala. Tiyeni, tichedwa ku Swala kumzikiti."