Mtedza wa pa Chitakale

Tinanyamuka pa Chinakanaka kukungocha, ine, mkazi wanga ndi mwana wathu Esinala wa zaka zisanu. Mchombo wake unali utatupa ngati dzira. Adokotala anati matumbo akutulukira pabowo, ndipo tsiku limenelo amuchita opaleshoni. Lamulo linali limodzi: asalawe kanthu. Akadya, tibwerera naye, tikadikirenso tsiku lina.

Ine pa nkhani ya chakudya sindikhulupirira munthu. Kwathu kuno mwana akangoyasamula, aliyense amasanduka agogo ake. Apongozi anali atabisa kale mbatata yootcha m'chikwama. Ndinaitulutsa iwo akuona.

Minibasi inali yonunkha nsomba zouma, ndipo kondakitala anali atakweza mtengo, ati mafuta akusowa. Pambali pathu panakhala mayi wina wonenepa, jumbo la mtedza wokazinga lili pamwendo.

"Mwanayu milomo yauma. Bambo, kwanu simuphika?"

"Mayi, manja anuwo asachoke m'jumbomo. Akupita kuopaleshoni."

"Ndiye apite ndi njala? Mwana ndi wa tonse."

"Akamalira ndi m'mimba, a tonsewo mumakhala kuti?"

Anangofwenthera kumbali.

Pa Chitakale kondakitala ananditsitsa kuti atulutse thumba la chinangwa pansi pa mpando. Pokweranso ndinapeza mkazi wanga akuyang'ana minda ya tiyi ngati sanaionepo, mayi uja akutafuna, Esinala ali chete. Ndinamugwira chibwano n'kununkhiza m'kamwa.

"Mwasanduka galu wa apolisi?" anatero mkazi wanga. Minibasi yonse inaseka. Ine sindinaseke.

Kuchipatala namwino anafunsa ngati mwana wadya. Mkazi wanga anati ayi.

"Awa musawamvere," ndinatero. "Funsani mwiniwake."

Namwino ananjuta pamaso pa mwanayo. "Esinala, wadya chiyani lero?"

Mwana anatambasula dzanja. Munali mtedza, utanyowa ndi thukuta.

"Anandipatsa amayi aja. Sindinadye. Adadi akanandikalipira."

Anamulowetsa, ife n'kutsala pabenchi panja. Chakumasana anatuluka ali m'tulo, pamchombo atamata pulasitala, ndipo adokotala anati bowo latsekedwa bwinobwino.

Kukayikira kwanga sikunali kwachabe, ndipo mayi uja ndikadzakumana naye adzandimva. Koma ndili pabenchi paja ndinazindikira kuti mwana wanga amandiopa kuposa njala. Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinyadire.