Tsiku Limene Aphuma Anachedwa

Kuchipatala onse ankawatchula Aphuma, ndipo dzinalo silinkawanamizira. Dokotala ameneyu ankadya ali chiimire, tiyi n'kumapsa naye milomo. Amuna awo akati, "Mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha," iwo ankayankha kuti maso a nkhonowo alibe nawo ntchito.

M'mawa wina anagoneka patebulo mayi wosoka zovala, woti achotsedwe chiberekero chifukwa cha zotupa zimene zinkamutayitsa magazi. Mwana wake wamkazi anatsala pabenchi pakhonde, atakumbatira nsapato za mayi akewo.

Poyamba zinayenda bwino. Aphuma anapana mitsempha yopita kuchiberekero, n'kudula, n'kumanga ndi ulusi, mbali ino kenako mbali inayo. Koma chiberekero chitangotuluka, mfundo imodzi inamasuka. Mayo ine! Magazi anadzaza m'mimbamo ngati madzi m'beseni, osaonekanso kuti akuchokera pati.

Nesi anawapatsira chopanira. Dzanja lawo linachifuna, eee, linachifunitsitsa. Komatu pafupi pomwepo pamadutsa kanjira kotsitsa mkodzo kuchokera kuimpso, ndipo wopana mwachimbulimbuli amapana ndi komweko, mayi n'kupulumuka lero koma n'kumavutika moyo wonse.

"Ayi, asisitala. Ndipatseni nsalu."

Anatsendera nsalu zoyera pamalopo, n'kukanikiza ndi dzanja lonse, basi n'kuima. Mantha anawagwira, tisaname. Wogonetsa odwala ankawonjezera magazi m'diripi n'kumatchula mmene mtima wa mayiyo ukugundira. Mkono wa Aphuma unachita dzanzi, thukuta likutsikira m'khosi. Mumtima munkangoti suzumira, suzumira, koma iwo osasuntha.

Patapita nthawi ndithu anayamba kuchotsa nsaluzo imodziimodzi. Kamtsempha kotaya magaziko kanaonekera poyera, kakulavula pang'onopang'ono. Anakapana kokhakokha, n'kukamanga mfundo ziwiri, n'kudikiranso kuti aone ngati pauma. Panauma.

Aphuma atatuluka, mtsikana uja anadzambatuka, nsapato zili m'manja.

"Amayi ako ali moyo, mwanawe. Nsapatozo azivala okha."

Mtsikanayo analira, n'kupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Koma adokotala, mwachedwatu! Ine ndimangoti basi amayi apita. Ndinu ozengereza bwanji!"

Aphuma anakhala pabenchipo, n'kuseka mpaka misozi. Chibadwire, panalibe amene anawauzapo mawu amenewo.