Waya wosalakwa kulibe

Lamlungu lapitali titabwera kutchalitchi, mwana wanga Wezi anatseka laputopu yake n'kunena kuti sukulu waisiya. Ananena ngati mmene munthu amanenera kuti shuga watha.

Wezi amaphunzira zamagetsi ku koleji. Ntchito yake ya chaka chomaliza ndi kachipangizo koti magetsi akazima, batire iziyatsa nyali m'nyumba. Asanagwire waya weniweni amayenera kujambula zonse mu kompyuta, iyo iwerengere ngati zingayake. Sabata yonse kompyutayo inkangoyamba kuwerengera n'kuima panjira, kenako mawu ofiira.

Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Ndinafunsa kuti mawuwo akuti chiyani.

"Akuti yalephera kupeza yankho, amama. Imayerekeza nambala, n'kuyesanso, mpaka manambala agwirizane. Apa sakugwirizana."

"Ndiye uifunse pomwe pavuta."

"Siyankha. Adadi akanangoyang'ana kamodzi."

Bambo ake ankakonza mawailesi ndi ma TV kuchilendo kuno, ku Maitland. Anatisiya chaka chatha.

Lolemba ndinamuuza kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, apite akafunse aphunzitsi ake. Ndinamuperekeza mpaka pa siteshoni ngati mwana wa mkaka.

Anabwera atakwiya. Aphunzitsi anamuuza kuti wajambula zinthu zabwino mopitirira: waya wosataya mphamvu ngakhale pang'ono, swichi yotseka ndi kutsegula osatenga nthawi. Zotero padziko pano kulibe, ndipo kompyuta imazunguzika nazo. Anati aike timarezisita ting'onoting'ono, tizipangizo totayako mphamvu pang'ono, apa ndi apo, swichiyo aichedwetse pang'ono.

"Akuti ndiononge dala, amama."

Anayesa uku akung'ung'udza. Mawu ofiira sanabwere. Panatuluka mizere yokwera n'kutsika, imene akuti ndiyo yankho. Koma sanasangalale. Anati bambo ake sakanafunika kuuzidwa, ndiye iye mutu wa ntchitoyi alibe.

Apa ndi pomwe ndikufuna tikambirane, abale anga.

Pa mwambo wa maliro a amuna anga, thupi lisananyamuke kupita ku Mzimba, anthu analankhula. Mkulu wa mpingo anati malemu sanakwiyepo. Mnzawo wina anati palibe wailesi imene inawakanika. Ine ndinkamvetsera n'kumadzifunsa kuti kodi m'bokosimo aikamo ndani? Koma wamasiye safunsa mafunso. Ndinangowerama.

Ndikudziwa, womwalira sitimunenera zoipa. Ndi ulemu, ndipo ine sindikuukana. Koma ana amakhala pomwepo, akumva. Timawapatsa bambo amene sanalakwepo, kenako timati ufanane nawo. Afanana naye bwanji munthu amene ngakhale ine mkazi wake sindinamuonepo?

Ndiye ndinamukhazika pansi Wezi. Ndinamuuza za TV ya mayi wina wa ku Table View imene bambo ake anaiwotcha, utsi tolotolo nyumba yonse. Mwini wake akaimba foni, iwo ankati kachitsulo kake kakuchokera ku Joni. Kachitsuloko sikanafike. Anakagula TV ina yakale yofanana nayo, mayi aja n'kuwayamikira kuti tsopano ikuwala kuposa kale.

Ndinamuuzanso kuti chinthu chikawakanika ankapita kukafunsa kwa bambo wina wa ku Congo wokonza mafoni pakona paja. Akabwera ankati anakagula fodya. Sankasuta.

Wezi anandifunsa modabwa.

"Adadi?"

"Omwewo."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Anthu anali atawasandutsa kale mngelo. Ndikanayambira pati?"

Anaseka, kenako analira, kenako anafunsa ngati bambo wa ku Congo uja akadalipo. Lachiwiri anadzuka yekha kupita kusukulu.

Amuna anga ndimawasowa tsiku lililonse. Koma amene ndimawasowa ndi aja a utsi, osati aja a pa maliro. Inu mukufuna ana anu adzalire ndani?

Ine ndamuuziratu Wezi. Tsiku langa likadzafika, wina akadzaima n'kunena kuti mayi awa sanakwiyepo, amulande maikolofoni.