Zakuda Ngati Phula

A Yakobo Jere, telala wa pakhonde ku Nabvutika, anali ndi ulemu wopyola muyeso. Anakulira ku mishoni, ndipo liwu loti chimbudzi silinkatuluka m'kamwa mwawo, ankangoti, "Ndikaone kunja." Mpongozi wawo Jesca, mkazi wa mwana wawo Gabrieli, ankalankhula nawo atagwada chapatali, maso ali pansi.

Komatu wotsuka chimbudzi pakhomopo anali Jesca yemweyo. Ankaona zimene akuluwo ankasiya: zakuda bii, zonanda, za fungo lachilendo. Ankaonanso kuti zikhatho zawo zayera mbuu, makina osokera ayamba kuwakanika kupalasa. Akanauza yani? Gabrieli anali pa ulendo ndi thiraki ya kuntchito.

Tsiku lina m'mawa a Jere anachita chizungulire n'kugwera pamakina, thukuta lili kamukamu. Jesca anathamangira nawo kuchipatala pa takisi.

"Mwasanzapo magazi, bambo?" anafunsa dokotala.

"Iyayi."

"Nanga mukapita kokadzithandiza, zimatuluka zotani?"

A Jere anaponya diso kwa mpongozi wawo. "Zabwinobwino."

Kalanga ine! Anatero Jesca mumtima. Dokotala anali atayamba kale kunena za mapiritsi owonjezera magazi ndi zobweranso sabata yamawa. Mkamwana n'kutchula za kuchimbudzi za apongozi ake, eniake ali pomwepo? Malodza amenewo! Koma akangotseka pakamwa, akuluwa akafera kunyumba ndi ulemu wawowo.

Jesca anatembenuka, nayang'ana khoma, n'kuliuza khomalo kuti: "Zakuda ngati phula la pamsewu. Chiyambire nthawi yokolola."

Dokotala anadzambatuka. "Amenewo ndi magazi, mayi, akuchucha m'mimba!"

Achipatala anawaika a Jere magazi, kenako anawalowetsa kachubu ka kamera pakhosi. M'chifu munali chotupa chikukha magazi. Anawotcha pamene pankachuchapo mpaka magaziwo analeka, koma chotupacho anati n'chofunika madokotala a ku Lusaka.

Masiku onse a m'chipatala a Jere sanamuyang'ane Jesca n'kamodzi komwe. Iye ankalirira kuseri, poganiza kuti wawavula pagulu ndipo sadzamukhululukira.

Gabrieli atabwera anati, "Atate, ku Lusaka ndikuperekezani ine."

"Iwe ayi," anatero a Jere, akuyang'ana kudenga. "Iwe unatengera ine manyazi, ukhoza kukandiphetsa. Ndipita ndi apongozi angawa."