Kabeseni ka Nsato ya Amalume

Kanali kabeseni ka malata, kobiriwira, kopindika mbali imodzi ngati wina anakaponda. Mpaka lero ndikaona kofanana nako pamsika ndimayang'ana kumbali, ngakhale ndine mayi wa ana atatu. Kankakhala m'bokosi la nsato ya amalume ku Balaka, ndipo nsatoyo inkamwera ndi kusambira momwemo.

Tinafika kwa amalume ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chaka chimenecho madzi a nyanja yathu ya Chiuta anabwerera kutali, nsomba zinasowa, bambo anawolokera ku Mozambiki ndipo sanatumizenso mawu. Amayi anamanga mitolo iwiri, tinakakwera sitima pa Nayuchi. Ine ndinanyamula kadengu momwe munali mbira yanga, yoyera yamadontho ofiira, imene ndinkaitchula kuti Mawanga. Inkaimba kamluzu ikangomva mapazi anga. Mapazi a amayi sinkawaimbira, ndipo ine ndinkanyada nazo kwambiri.

Amalume, achimwene awo a amayi, ankagulitsa mankhwala azitsamba m'misika. Mizu payokha siimitsa munthu, koma akakoleka nsato m'khosi anthu ankasiya zogula zawo n'kuwazungulira. Inali nsato yaing'ono, yotalika kundiposa pang'ono. Ankaikonda kuposa munthu aliyense amene ndinawaonapo akumukonda. Bokosi lake linali la matabwa, la sefa ya waya pamwamba, lokhoma ndi loko, ndipo kiyi ankayenda naye pachingwe m'khosi. Ife anatipatsa kachipinda kosungiramo mizu, ndipo sankatopa kutikumbutsa kuti mizuyo ndiyo inayamba kufika.

Mu Okutobala, nyenje zikulira mpaka kugonthetsa m'khutu, nsato inasiya kudya. Thupi linatuwa, maso anachita mbuu ngati a nkhalamba ya ng'ala. Amalume anandifotokozera monyadira kuti ikufuna kufundula. Anati nthawi yotere njoka siona bwino, siikhudza chakudya, imangofuna madzi ndi mthunzi. Ikanyowa bwino chikopa chakale chimavuka chonse ngati sokisi, ndipo ikatero imadzuka ndi njala ya mwezi wathunthu. Anatinso woweta njoka wanzeru saiikira chamoyo m'bokosi isanafundule. Ankadziwa zonsezi. Ndikubwereza dala kuti ankadziwa.

Sabata yomweyo Mawanga anatuluka m'kadengu n'kutafuna kamtolo kamodzi ka mizu. Amalume sanakalipe. Anamunyamula ndi chikopa cha pamsana, miyendo ili lendelende, n'kutulutsa kiyi.

"Pakhomo pano aliyense wodya amagwira ntchito," anatero. "Uyu ntchito yake yapezeka."

Ndinayang'ana amayi. Anali akupeta mpunga, ndipo lichero silinaime.

"Ndi pakhomo panu, achimwene," anayankha motero basi.

Nsato sinagwedezeke n'komwe. Mawanga anadzipanikiza pangodya tsiku lonse, akunjenjemera. Mawa lake njala inamuposa mantha, anayamba kudya masamba a kabichi amene ndinkatola kumsika n'kumalowetsa pasefa. Tsiku lachitatu anali akudumpha pamsana pa nsato ngati ndi chipika. Amalume ankaitana anthu oyandikana nawo kuti adzaone ndiwo zikupondaponda mwini wake, ndipo ankaseka mpaka kutsokomola. M'mawa uliwonse, akamathira madzi m'kabeseni, ankandifunsa kuti mnzangayo ndikuona ngati watsala ndi masiku angati. Akanafuna kungodyetsa njoka yawo, akanadikira. Iwo ankafuna masiku amenewo.

Nzeru za mwana n'zowongoka. Ndinati ngati nsato siidya isanafundule, ndiye isafundule. Ndipo ngati imafundula ndi madzi, ndiye isaone madzi.

Ndinathyola phesi la tsamba la papaya, lija lamphako m'kati. Amalume akangokwera njinga kupita kokasewera bawo, ine ndisanathamangire kusukulu, ndinkalowetsa phesilo pasefa mpaka m'kabeseni, n'kumayamwa madziwo ndi kulavulira patali. Ankanunkha ngati dzira lovunda, ndipo ankakhala ofunda. Utomoni wa papaya unandiwotcha milomo mpaka zilonda. Aphunzitsi anati ndikuba mango osapsa, anandimenya ndi rula m'manja, ine osakana. Kenako ndinayamba kuchotsanso mphasa imene inkatchinga bokosi kudzuwa, n'kumaibwezera madzulo. Amalume ankapeza kabeseni kali gwa, n'kumatukwana dzuwa la Balaka.

Sindidzinamiza kuti ndinali mwana wachifundo. Ndinkakhala pambali pa bokosilo n'kumaonerera nsato ikuvutika, mtima wanga uli mbee. Chikopa chinang'ambika zigamba zigamba koma osavuka. Chinakanirira kumutu ndi kumchira, maso anatsekeka ndi makoko ouma. Inkakhuza mphuno pawaya mpaka magazi, inkalowetsa mutu m'kabeseni kopanda kanthu n'kuusiya momwemo. Ine ndinkainong'oneza kuti ingofa ndithu. Dzuwa lomwelo linkamupsereza Mawanga, ankagona chammbali akupuma mwabefu, koma ndinkadziuza kuti kupuma mwabefu n'kupumabe. Masiku anakwana khumi ndi awiri ali moyo, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti ndawapambana amalume.

Kuseka kunatha pakhomopo. Masiku awiri a msika anadutsa amalume osapita, pakuti njoka yazigamba ndi yamagazi kumphuno sangaikoleke m'khosi pamaso pa anthu. Tsiku lina tikudya masana amalume anayang'ana amayi nthawi yaitali, kenako ine, n'kunena pang'onopang'ono kuti njoka yawo sinadwalepo alendo asanabwere. Anati ikafa, wina abwerera kunyanja wapansi, ndipo sitima sadzaiona. Madzulo ake ndinapeza phesi langa, limene ndinkabisa pansi pa mkeka, lathyoledwa pawiri n'kuikidwa pomwe ndinkalisiya. Amayi sanandimenye, sanandifunse, ndipo sanawauze amalume.

Mawa lake nditaweruka kusukulu ndinapeza amayi atagwada pabokosi, kiyi ali paloko. Kiyiyo anachita kukamupempha okha kwa amalume. Amayi anga ankaopa njoka moti ngakhale nyongolotsi ya m'munda ankaichotsa ndi khasu. Koma anali atatsegula chivundikiro, atanyika chiguduli m'ndowa, akuchiyala pamwamba pa nsato. Anadzaza kabeseni mpaka kusefukira. Kenako anayamba kuisisita kumutu ndi kansalu konyowa, nkhope atayang'ana kumbali, mano ataluma mlomo. Amalume kunalibe. Mawanga anali pomwepo pangodya, ndipo atamva mapazi anga anaimba kamluzu kake, kotsika kwambiri.

"Amayi, mutulutseni," ndinatero. "Tinena kuti wathawa."

"Iyayi."

"Amayi, chonde."

"Kavule yunifolomu."

Dzanja lawo linadutsa pamwamba pa Mawanga kupita, linadutsanso pobwerera. Ndinawerenga, kanali kawiri. Anatseka chivundikiro, anakhoma loko, anabwezera mphasa, n'kuikapo mwala kuti isachokenso.

Patapita masiku awiri nsato inafundula. Chikopa chakale chinatsala chitakulungika pakabeseni, ndipo nsatoyo inatuluka yonyezimira ngati yapakidwa mafuta, maso akuda bii, lilime likutuluka ndi kulowa. Linali Loweruka m'mawa. Amalume anaitana ana a m'makomo oyandikana, ine anandiimika kutsogolo, dzanja lawo lili pakhosi panga kuti ndisatembenuke. Sizinatenge nthawi. Mawanga anali akutafuna tsamba la kabichi, ndipo analira kamodzi kokha. Chimene chinatenga nthawi n'kumeza. Miyendo yakumbuyo ndiyo inamalizira, ndipo ana ena anaomba m'manja. Amalume anandipatsa kabeseni kuti ndikatsuke, akuti popeza ndimakakonda.

Ndikupita nako kumjigo ndinamva amayi akusanza kuseri kwa khitchini. Ndinati achita bwino, aziona. Sindinawalankhule mpaka mvula yoyamba itagwa, ndipo ngakhale pamenepo ndinkangoyankha zimene andifunsa. Amalume ndinkawaopa, nsato ndinkaida, koma amene sindinawakhululukire anali amayi, chifukwa iwo ndi amene anali ndi kiyi m'manja.

Tinakhala pakhomo paja zaka zina zinayi, ndipo ndi pomwepo ndinamalizira pulayimale. Amayi anamwalira osatchulapo nkhaniyi, inenso sindinaitchule. Nthawi ija ndinkaganiza kuti anasankha njoka m'malo mwa mbira yanga. Sindinkadziwa kuti kunyanja kunalibenso nyumba yobwererako, kuti denga lake linali litagwa kale ndipo munda unali utatengedwa. Sindinkadziwa kuti atagwada pabokosi paja akanatha kupulumutsa chamoyo chimodzi chokha, ndipo chimene anasankhacho chinali chitaima kumbuyo kwawo, chili ndi zilonda m'milomo, chikuwada.